Kujambula ubongo wa wodwala AMD pa fMRI

Matenda a AMD, omwe amagwira maso a okalamba, amawononga macula, pakatikati pa retina (kansalu kolandira kuwala kumbuyo kwa diso): munthu saona chimene akuchiyang'anitsitsa, koma za m'mbali amazionabe. Uthenga wa macula umafikira kunsonga kwa V1, chigawo choyamba cha ubongo chotanthauzira zoona, kunkhongo kwenikweni kwa ubongo. Cholinga cha kujambula pa fMRI, njira yoonetsa mbali za ubongo zimene zikugwira ntchito, n'kuona chimene mbali imeneyi imachita uthengawo ukasiya kufika.

Ntchito imayambira pa diso, wodwala asanalowe m'makina. Jambulani retina ndi OCT (makina ojambula m'kati mwa diso ndi kuwala), kenaka muyeze ndi microperimetry (kuyeza mmene kachigawo kalikonse ka retina kakuonera) kuti mudziwe kukula kwa malo ofa komanso pamene diso likuyang'anira tsopano. Odwala ambiri amazolowera kuyang'ana ndi kachigawo ka m'mbali mwa chilondacho, kotchedwa PRL. Onaninso ngati pali ng'ala, chifukwa imazimiriritsa zithunzi. Funsani za pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda) ndi zitsulo zina m'thupi, chifukwa makinawa ali ndi maginito amphamvu. Magalasi ake asalowe nawo. Mupatseni apulasitiki a mphamvu yomweyo. Phimbani diso limodzi, popeza maso awiriwa saonongeka mofanana ndipo labwinolo limabisa vuto la linzake.

Pa makina a 3 Tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito), yambani ndi chithunzi cha T1, choonetsa maonekedwe a ubongo, cha milimita 1. Pa BOLD, chizindikiro chotsata kusintha kwa okosijeni m'magazi a muubongo, voxel (kachidutswa kakang'ono kwambiri ka chithunzi) ikhale mamilimita 2 mpaka 3, TR (nthawi ya pakati pa chithunzi ndi chinzake) masekondi 2. Kuti mupeze mapu a retina pa V1, onetsani wodwala pa sikirini timabokosi takuda ndi toyera tophethira: poyamba chidutswa chozungulira ngati muvi wa wotchi, kenaka mphete yomakula kuchokera pakati. Magazi amachedwa kuyankha, chizindikiro chimafika pachimake patatha masekondi 4 mpaka 6, choncho musazungulitse mothamanga.

Pamene zinthu zimaonongekera kwambiri ndi pa kayang'anidwe. Kadontho ka pakati pa sikirini kamene wamaso abwino amayang'ana, wodwala AMD sakaona. Diso limangoyendayenda kukasaka, timabokosi tija timagwera pa retina yamoyo, ndipo mapu amaonetsa ngati mbali yosalandira uthenga ija yadzuka pamene sinadzuke. Jambulani mtanda waukulu wofika m'mphepete mwa sikirini kuti aganizire pokumana mizere, kapena ikani kadonthoko pa PRL yake. Kamera yotsata diso ikhale ikugwira nthawi yonse, ndipo gawo la kujambula limene diso linasuntha kwambiri litayidwe, ngakhale zikupweteka kutaya.

Samalaninso ndi zimene mwamuuza kuti azichita. Mbali ija nthawi zambiri imakhala chete munthu akamangoyang'ana, koma imatha kuonetsa chizindikiro akapatsidwa ntchito, monga kudina batani chithunzi chikabwerezedwa. Chizindikiro chotere chikhoza kuchokera ku zigawo zapamwamba za ubongo, osati ku diso. Yesani njira zonse ziwiri musananene kuti ubongo wadzikonzanso.

Okalamba amatopa msanga ndipo mutu umasuntha. Utchingeni ndi timapilo, gawo lililonse lisapitirire mphindi 5 kapena 6. Anthu amaso abwino owayerekezera nawo akhale amsinkhu womwewo, chifukwa mitsempha ya magazi ikakalamba BOLD imasintha ngakhale maso ali bwino.