Zida za SEO zomwe ndimagwiritsa ntchito kuno ku Chipata kuti bizinesi ioneke pa Google

Mu January amalume anga anandiitana kuti ndikaone webusaiti ya gesiti hausi yawo, akuti mphwanga tinalipira ndalama zambiri popangitsa ichi koma palibe olo munthu mmodzi anaimbapo foni kunena kuti watipeza pa intaneti. Mtima unandipweteka chifukwa Nc'wala inali pafupi, kumapeto kwa February anthu amadzaza ku Mtenguleni ndipo zipinda mu tauni zimasowa, koma iwo zawo zinali gwaa. Ndinakhala pakhonde pawo ndi laputopu tsiku lonse, ndiye zomwe ndinachita ndi zomwe ndikuuzeni apa, ntchito yotchedwa SEO, yomwe ndi kukonza webusaiti kuti anthu aziipeza mosavuta akamasaka pa Google, ndipo zambiri mwa izo simulipira olo ngwee.

Yambani ndi Google Search Console, musathamangire kwina. Ndi yaulere, mumalowa ndi Gmail yanu, mumaika adiresi ya webusaiti kenako Google imafuna umboni kuti ndi yanudi, imakupatsani kachingwe ka malemba koti muike mu DNS kapena pamutu pa peji yoyamba. Mukamaliza pitani pa URL Inspection, matani adiresi ya peji, ikuuzani ngati Google imaidziwa kapena ayi. Kwa amalume inati peji siili mu index, kaundula wa mapeji amene Google imawadziwa. Nditalowa mu WordPress, pulogalamu imene anapangira webusaitiyo, ku Settings kenako Reading, ndinapeza kabokosi kamene kamauza ma search engine ngati Google kuti asaonetse webusaiti kali kochongedwa, amene anawapangira anaiwala kukachotsa pomaliza ntchito. Miyezi yonseyo khomo linali lotseka ndi kabokosi kamodzi basi. Chonde kaoneni kanu lero lomwe. Tinakachotsa, tinatumiza sitemap, yomwe ndi mndandanda chabe wa mapeji onse, ndikudina Request Indexing.

Koma chomwe ndimaikondera Search Console ndi gawo la Performance. Pakapita masiku limayamba kuonetsa mawu enieni amene anthu analemba pa Google webusaiti yanu isanawaonekere, kangati inaoneka, kangati anadina, komanso muli pa nambala chani, ndipo limasunga za miyezi 16 kumbuyo. Apa mpamene munthu umadzichepetsa, chifukwa amalume analemba mawu okoma a chizungu chapamwamba pa peji yawo koma anthu amalemba zachidule ngati "cheap lodge Chipata" kapena "guest house near Mwami border", ena akuchokera ku Lilongwe, ena akufuna pogona usiku umodzi mawa apitirire ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa. Mukaona mawu amene mukuoneka nawo kambiri koma anthu sakudina, dziwani kuti mutu wa peji sukuwakoka, sinthani mutuwo.

Chachiwiri ndi Google Business Profile, ija kale inkatchedwa Google My Business. Kwa shopu, saluni, galaji, malo ogona kapena ogulitsa nshawa ndi mbewu, iyi nthawi zina imabweretsa makasitomala kuposa webusaiti yeniyeniyo, chifukwa ndi imene imakuikani pa mapu. Kuno kwathu manambala a nyumba sathandiza kwenikweni, timalondolerana kuti mukadutsa msika wa Kapata mukhote apo, ndiye kokani pini nokha muiike pakhomo penipeni, osati pakati pa Great East Road. Ikani nambala ya foni yoyamba ndi +260, maola otsegulira oona, zithunzi zojambula masana, ndipo mlendo akasangalala mupempheni mwaulemu alembe review. Dzina, nambala ndi malo zilembedwe mofanana pa mapu, pa Facebook ndi pa webusaiti.

Manje za kusaka mawu. Njira yoyamba simufuna pulogalamu iliyonse, lembani "Chipata lodge" mu Google osadina, onani zomwe ikumalizitsa yokha, zimenezo ndi zomwe anthu amasakadi, zilembeni mu kope. Google Trends nayo ndi yaulere, sankhani Zambia ndipo muyerekeze mawu awiri kapena atatu, imaonetsanso miyezi imene mawu amakwera, kungoti pa mawu ang'onoang'ono a kwathu kuno nthawi zina imati deta ndi yochepa. Keyword Planner ili mkati mwa Google Ads, muyenera kutsegula akaunti, ndipo ngati simukulipira malonda imakupatsani manambala ongoyerekeza kuchokera apa kufika apa, koma kwa ife zimakwana. Kumbukiraninso kuti anthu amalemba mosiyana, wina Nc'wala wina Ncwala, wina chizungu wina chinyanja, ndiye mu nkhani yanu mawuwo alowe mwachibadwa osati kuwaunjika ngati matumba a chimanga mu depoti, Google imazindikira ndipo owerenga amatopa.

Liwiro la peji ndi nkhani imene imandikhudza kwambiri chifukwa anthu athu amalowa pa foni ndi bandulo yogula ndi ndalama yovutikira, peji ikachedwa amatseka nkupita kwa wina. Tsegulani PageSpeed Insights, matani adiresi, ndipo yang'anani za Mobile osati Desktop, popeza Google imaweruza webusaiti poona mmene ilili pa foni. Pali muyeso wotchedwa LCP, umaona nthawi imene chinthu chachikulu pa peji chimatenga kuti chioneke, wabwino ndi masekondi 2.5 kapena kuchepera. Kwa amalume vuto linali zithunzi, anaziika mmene zinachokera mu kamera, chimodzi chokha cha bedi ndi neti chinali cholemera kuposa 5MB. Ndinazipititsa mu Squoosh, mutha kugwiritsanso TinyPNG, kuzichepetsa nkuzisunga ngati WebP, mtundu wa fayilo ya chithunzi yosalemera, maso saona kusiyana koma peji inayamba kutseguka msanga olo netiweki ili yofooka.

Ngati muli pa WordPress ikani Yoast SEO kapena Rank Math, imodzi yokha, mukaika zonse ziwiri zimalimbana. Zimakuthandizani kulemba mutu umene umaoneka pa Google, usapitirire zilembo pafupifupi 60 kuopa kudulidwa, ndi kachiganizo kofotokoza pansi pake, komanso zimakupangirani sitemap. Timagetsi tobiriwira timene zimaonetsa zikaona kuti mwalemba bwino musatitenge ngati lamulo, si Google imene ikuyankhula, ndipo mukalemba mu chinyanja mapulogalamuwa samva bwino zomwe mwalemba.

Screaming Frog SEO Spider mumaiika pa kompyuta, yaulere imayenda ma URL, ndiye kuti maadiresi a pa webusaiti, mpaka 500, zomwe zimakwanira bizinesi yaing'ono. Imakupezerani malinki akufa aja amene mukadina amati 404, peji siikupezeka, mapeji opanda mutu, mitu yobwerezedwa ndi zithunzi zopanda alt text, mawu ofotokoza chomwe chili pa chithunzi. Ine ndimaiyendetsa kamodzi pamwezi magetsi akakhalapo.

Ahrefs ndi Semrush ndi zida zamphamvu zedi, zimaonetsa mawu amene opikisana nanu akupambana nawo ndi mawebusaiti amene akuwalozera, koma zimalipidwa mu madola ndipo mapulani ake akuluakulu amadutsa madola 100 pamwezi, mukasintha mu kwacha ndi ndalama yoti ingalipire wantchito. Kwa gesiti hausi ya zipinda zochepa ine ndimati dikirani kaye, Ahrefs ili ndi gawo laulere la eni webusaiti amene atsimikiza kuti ndi yawo, yambani ndi limenelo. Ndipo akakulemberani pa WhatsApp kuti lipirani tikupatseni ma backlink (malinki ochokera ku mawebusaiti ena olozera kwanu) masauzande mukhale nambala wani sabata imodzi, kanani, malinki ogula amaphwanya malamulo a Google ndipo atha kugwetsa webusaiti yanu. Linki imodzi yochokera kwa anzanu oyendetsa alendo ku Mfuwe amene mumagwira nawo ntchito ndi yaphindu kuposa zimenezo.

Zotsatira sizibwera mawa, zimatenga masabata mwinanso miyezi, ndiye Lolemba lililonse ndimatsegula Search Console ya amalume nkulemba mu kope mawu atsopano amene aoneka. Pano tikulemba peji ya alendo a Kulamba, mwambo wa ku Mkaika ku Katete mu August, tikufuna ikhale yokonzeka miyezi iwiri kusanafike kuti Google ipeze nthawi yoiwerenga anthu asanayambe kusaka pogona.