Mchenga wa ku Senga Bay unamumasula mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga wa zaka 6 anabwera kudzakhala nane kuno ku Salima mayi ake atapita kukagwira ntchito ku Joni. Mwana uja anasinthiratu. Ankaluma anzake, kutaya mbale ya nsima pansi, ndipo usiku ankalira osanena chomwe chamuvuta. Ndinkamukalipira, nthawi zina ndi kamkwapulo komwe, koma zinkangoipiraipira.

Tsiku lina ndinati, "Tiye, mwanawe, tipite kunyanja." Titafika ku Senga Bay ndinamupatsa malamulo awiri okha: asalowe m'madzi opyola m'mawondo, komanso asamenye munthu. Zina zonse achite mmene afunira.

Anathamanga pamchenga akukuwa mpaka mawu anasasa. Kenako anaumba nyumba ndi mchenga wonyowa, n'kuipondaponda ndi mapazi onse awiri, kuumbanso, kupondanso, mwina kasanu. Mtima unandiwawa, koma ndinadzigwira, sindinanene kanthu. Atatopa anadzakhala pamiyendo panga, mutu uli mbuu ndi mchenga, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Agogo, amayi abwera liti?" Apo m'pamene ndinadziwa chimene chinkamudya mumtima.

Tsopano timapita Loweruka lililonse. Mwera ukamawomba, mafunde akakula, timakhala pakhomo: ndimamupatsa dothi, zitini ndi madzi, adetse zovala mmene angathere, ndichapa. Sindimulola kusewera m'madzi odikha a m'mabango, poti m'menemo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Kuluma kuja kunatha pang'onopang'ono, ndipo Lamlungu madzulo ndimamuimbira mayi ake pa foni kuti alankhule nawo yekha.