Momwe mungatsatirire chilango cha m'bale wanu, kuchokera kukhoti mpaka tsiku lotuluka m'ndende

Tsiku lina ndinakhala pa benchi la kumbuyo m'khoti, pafupi ndi mayi wina yemwe mwana wake ankayankha milandu iwiri. Woweruza anati pa mlandu woyamba mnyamatayo akaseweze zaka zitatu, pa wachiwiri zaka ziwiri, kenako anawonjezera mawu ochepa omwe mayiyo sanawamve poti anali atagwira kale kumutu. Anatuluka akuwerenga zala, zisanu, nakakhala pansi panja akusisima. Panapita nthawi ndithu kalaliki wa khoti asanamufotokozere kuti zilango ziwirizo ziyendera limodzi, ndiye kuti zaka ndi zitatu basi.

Mabanja ambiri amataya mtima woweruza akangoti munthu wapezeka wolakwa. Chonsecho kuyambira pamenepo mpomwe abale amakhala ndi zochita zambiri, bola adziwe zoti afunse ndi nthawi yofunsira.

Choyamba, dziwani pomwe munthu wanu wafika

Yemwe ali m'chitokosi cha apolisi, yemwe ali pa rimandi ndi yemwe wagamulidwa ndi anthu atatu osiyana pamaso pa lamulo. Wa pa rimandi akudikira mlandu wake, ndipo lamulo limamutenga ngati wosalakwa ngakhale akugona m'ndende. Ameneyu angathe kupempha belo. Gulani kope, mulembemo tsiku lomwe anamangidwa, nambala ya mlandu, dzina la khoti ndi tsiku lililonse lomwe anakaonekera. Makhoti ambiri amaganizira nthawi yomwe munthu wakhala pa rimandi popereka chilango, koma pamafunika wina wokumbutsa ndi masiku enieni, osati kungoti wakhalitsa.

Chachiwiri, konzekerani nthawi yodandaula

Apa mpomwe mabanja amataya mwayi waukulu. Munthu akapezeka wolakwa, woimira boma pa milandu amanena zomwe zikukulitsa mlanduwo, kenako wolakwayo kapena loya wake amapatsidwa mpata wopempha kuti khoti limumvere chisoni. Mpatawu ndi wa mphindi zochepa, ndipo ambiri amangoimirira n'kunena kuti ali ndi ana. Woweruza amamva mawu amenewo tsiku ndi tsiku.

Lamulo limaika chilango chachikulu kwambiri pa mlandu uliwonse, koma chimenecho chimasungidwira milandu yoipitsitsa. Kupatula pa milandu ingapo yomwe lamulo linaikiratu malire a pansi, woweruza amayeza yekha. M'mutu mwake mumakhala zinthu zingapo: kuti chilango chifanane ndi kukula kwa cholakwa, kuti ena atengerepo phunziro, kuti anthu atetezeke, kuti wolakwayo asinthe, komanso kuti wolakwiridwa apepesedwe. Mlandu umalemera ngati panali chida, ngati munthu anachita kukonzekera, ngati wolakwiridwa ndi mwana kapena wokalamba, ngati wakuba anali yemwe anamusungitsa makiyi, kapena ngati aka sikoyamba. Umapepuka ngati munthu sanalakwepo, wavomera msanga osataitsa khoti nthawi, ndi wachichepere kapena wodwala, kapena wabweza zomwe anatenga.

Ntchito yanu ndi kusandutsa zimenezi kukhala umboni wogwirika. Ngati akudwala, bweretsani mapepala a kuchipatala. Ngati ali pa sukulu, kalata ya mphunzitsi wamkulu. Ngati abwana ake ali okonzeka kumusungira ntchito, alembe ndi kusainira. Ngati katundu anabwezedwa, pakhale chosonyeza. Pepala limodzi lotere limalemera kuposa misozi ya banja lonse. Koma chenjerani pawiri. Musamukakamize kuvomera mlandu womwe sanapalamule pofuna kuti zithe msanga, chifukwa mbiri ya mlandu ingathe kumutsata moyo wake wonse. Ndipo musapite kwa mboni kukaopseza kapena kukanyengerera, umenewo ndi mlandu wina womwe ungakugwereni inuyo.

Chachitatu, funsani za chilango chosapita kundende

Ndende si chilango chokhacho. Pali chindapusa, pali chipukuta misozi kwa wolakwiridwa, pali kugwira ntchito yothandiza anthu popanda malipiro kwa maola omwe khoti lanena, munthu akugona kwawo. Palinso chilango choimikidwa kaye: woweruza amatchula miyezi kapena zaka, koma n'kunena kuti munthuyo sapita kundende pokhapokha akalakwanso mkati mwa nyengo yomwe wapatsidwa.

Ndiye pali probation, kutanthauza kuyang'aniridwa munthu ali kwawo m'malo mopita kundende, yomwe anthu amaisokoneza ndi kumasulidwa. Chiyambi chake chimandikhudza nthawi zonse. Mu 1841, mumzinda wa Boston ku America, wosoka nsapato wina dzina lake John Augustus anapempha khoti kuti limupatse munthu yemwe ankazengedwa mlandu wa uchidakwa, amuyang'anire yekha m'malo momutsekera. Patatha masabata atatu anabwera naye atasinthiratu, ndipo khoti silinamutumize kundende. Pomwe Augustus ankamwalira mu 1859 n'kuti ataimira anthu pafupifupi 2,000 mwa njira yomweyo. Dera la Massachusetts, komwe kuli Boston, linaika njirayi m'malamulo mu 1878, ndipo England inatsatira mu 1907. Mu 1990 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zotchedwa Tokyo Rules, zolimbikitsa maiko kuti aziyamba aganizira zilango zakunja kwa ndende.

Munthu wa pa probation amakhala kwawo koma ali m'manja mwa ofisala womuyang'anira. Amakaonekera pa masiku oikika, sasamuka osanena, ndipo angaletsedwe kufika malo ena kapena kukumana ndi anthu ena. Nthawi zambiri khoti lisanagamule limatuma ofisalayu kukafufuza za moyo wa wolakwayo. Akabwera pakhomo panu, mulandireni ndipo nenani zoona. Funso lake lalikulu ndi lakuti: munthuyu tikamubweza kuno, alipo womugwira dzanja? Ngati alipo, atchulidwe dzina. Ndipo mukapatsidwa mwayiwu, masiku okaonekera muwalembe pakhoma. Kujomba kokha n'kokwanira kuti abwezedwe kukhoti, komwe angapatsidwe chilango cha mlandu woyamba uja.

Chachinayi, pa tsiku la chigamulo mverani zinthu zinayi

Chilango ndi chotalika bwanji? Chikuyamba kuwerengedwa liti, tsiku lomangidwa kapena la chigamulo? Ngati milandu ndi ingapo, zilango ziyendera limodzi kapena motsatizana? Ngati ndi chindapusa, akalephera kulipira akhala nthawi yaitali bwanji m'ndende? Pitani awiri, wina azilemba. Pomaliza pemphani kwa kalaliki kope la chigamulo.

Chachisanu, apilo siidikira

Pangano la maiko la ufulu wa anthu la mu 1966 limati aliyense wopezeka wolakwa ali ndi ufulu woti khoti lalikulu liunikenso mlandu wake ndi chilango chake. Munthu angathe kutsutsa kupezeka wolakwa, kapena kuvomereza kulakwako n'kudandaula za kukula kwa chilango chokha. Masiku ochitira apilo amakhala ochepa ndipo amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani tsiku lomwelo. Ngati mulibe ndalama ya loya, funsani za maloya a boma othandiza osauka. Loya akuuzeninso mosabisa ngati pali chiopsezo choti khoti lalikulu liwonjezere chilango, poti m'maiko ena zimatheka.

Chachisanu ndi chimodzi, musamusiye akalowa

Chilango cha mkaidi ndi kulandidwa ufulu woyenda. Kumenyedwa, kumanidwa mankhwala kapena kudulidwa kwa abale si mbali ya chigamulo. Mu 2015 United Nations inakonzanso malamulo osamalira akaidi, omwe analembedwa koyamba mu 1955, n'kuwatcha dzina la Nelson Mandela, yemwe anakhala m'ndende zaka 27. Malamulowa alipo 122. Amati munthu asalandiridwe m'ndende popanda chikalata chovomerezeka, aonedwe ndi wachipatala akangolowa, ndipo amuna ndi akazi, ana ndi akulu, a pa rimandi ndi ogamulidwa azisungidwa padera. Yemwe sagwira ntchito panja apatsidwe ola limodzi tsiku lililonse lopitidwa mphepo. Kutsekera munthu yekhayekha kwa masiku oposa 15 otsatizana n'koletsedwa. Ndende zambiri padziko lapansi sizifika pa muyezowu, makamaka chifukwa cha kuthithikana, koma mukadziwa zomwe zinalembedwa mumadandaula molimba mtima kwa wamkulu wa ndende, ndipo muzichita polemba kalata, kope lina n'kusunga.

Funsani masiku ochezera ndi zomwe zimaloledwa kulowa. Musalole kutumidwa kanthu kobisa, ngakhale akuchondereni bwanji. Mukamacheza naye, mufunseni ngati kuli sukulu kapena ntchito zamanja, ndipo mulimbikitseni alembetse. Ulendo wanu, ngakhale wa mphindi khumi, umauza iye ndi oyang'anira ndende omwe kuti munthuyu ali ndi eni ake.

Chomaliza, werengani tsiku lotuluka

Zaka zomwe woweruza anatchula sizikhala nthawi zonse zomwe munthu amatha m'ndende. M'maiko angapo mkaidi wa khalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu, moti wa zaka 6 angatuluke pakatha zaka 4, koma akapalamula mkatimo masikuwo amalandidwa. Kwina kuli parole, komwe munthu amatuluka nthawi isanakwane n'kukamalizira chilango kunja akuyang'aniridwa. Kusiyana kwake ndi probation n'kwakuti parole imabwera munthu atalawa kale ndende, pomwe probation imalowa m'malo mwa ndendeyo. Kukhululukidwa ndi mtsogoleri wa dziko ndi nkhani inanso, ndipo musaikepo mtima wonse.

Pitani ku ofesi ya ndende ndi kope lanu lolembamo masiku lija, mufunse tsiku lomwe analemba m'buku mwawo, mufananize ndi kuwerenga kwanu. Pakakhala kusiyana, funsani msanga. Kukatsala miyezi itatu, khalani pansi monga banja mugwirizane komwe akafikire, ntchito yomwe angayambe nayo, komwe ziphaso zake zili, chipatala chomwe akapitirize kulandirako mankhwala ngati amamwa, ndi yemwe adzaime pa geti m'mawa wa tsikulo atanyamula zovala zoti asinthe.