Kakonzedwe ka ma step pa Beat Sequencer

Aphwanga a kuno ku Chitakale mwakhala mukundifunsa kuti bwanji beat imene mukupanga ikumveka youma gwa, nkhani ili pa ma setting basi. Mu GarageBand (app yopangira nyimbo) pa iPad tsegulani Beat Sequencer, pomwe mumapanga beat podina timabokosi totchedwa ma step, dinani kabatani ka i kaja. Length (kuchuluka kwa ma step) isiyeni pa 16 kaye, 64 mungosokonezeka nayo. Step Length (kutalika kwa step iliyonse) ikani 1/16, kick (ng'oma yaikulu ija) pa step 1, 5, 9 ndi 13. Kenako Swing, apa nde pagona nkhani, onjezerani pang'ono kuti ma hi-hat (tizitsulo tolira tsi-tsi tija) azitsimphina ngati munthu wosenza dengu la tiyi pachitunda. Velocity (mphamvu ya kamenyedwe) tsitsani pa ma step ena, osamenya onse mofanana ayi. Random ya pa Playback Mode ija imangodumphadumpha ma step mwachisawawa, muzaigwire mukazolowera.