Momwe gulu la anthu ochepa lingafikitsire dandaulo lake kunja kwa dziko

Inu amene mukuyendetsa bungwe la chikhalidwe kuno ku Blantyre, kaya ndi la Asena okhala ku Bangwe kapena la Atumbuka a ku Ndirande, dziwani poyamba kuti si pangano lililonse loteteza mitundu ya anthu ochepa lomwe limamanga boma la Malawi. Mukafufuza pa intaneti mudzakumana msanga ndi pangano la 1995 la bungwe la mayiko a ku Ulaya lotchedwa Council of Europe, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1998, ndipo lili ndi akatswiri 18 oyendera mayiko ndi kuunika malipoti awo zaka zisanu zilizonse. Limeneli ndi la ku Ulaya kokha, choncho musalitchule ngati lamulo lotikhudza.

Lathu ndi pangano la United Nations la 1966 lotchedwa ICCPR, loteteza ufulu wa anthu ndi ufulu wa pandale, lomwe dziko lino lidalowamo mu 1993. Ndime 27 ya panganoli imati anthu a mtundu, chipembedzo kapena chilankhulo cha anthu ochepa asaletsedwe kutsata chikhalidwe chawo, kupembedza ndi kulankhula chilankhulo chawo pamodzi ndi anzawo. Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno, poti akuluakulu akukumbukira kuti mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chidabwerera ulamuliro wa chipani chimodzi utatha.

Yambirani kwanu. Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu wa chilankhulo ndi chikhalidwe, pomwe gawo 20 limaletsa tsankho, kotero kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, kapena pezani loya kuti nkhani ilowe ku khoti lalikulu ku Chichiri. Mabungwe akunja amabweza dandaulo la munthu amene sanamalize njira za m'dziko mwake, ndiye sungani kalata iliyonse ndi chigamulo chilichonse.

Njira yomwe ine ndimaiona yaphindu koposa, ngakhale ambiri saidziwa, ndi ya lipoti. Boma limayenera kupereka malipoti ku komiti ya akatswiri 18 ku Geneva yoona za pangano la ICCPR lija, ndipo mabungwe omwe si aboma amaloledwa kutumiza lipoti lawo lofotokoza zomwe boma lasiya kapena lakometsera. Onani pa tsamba la ofesi ya United Nations yoona za ufulu wachibadwidwe kuti mudziwe tsiku lomaliza kutumiza, kenako werengani lipoti la bomalo ndime ndi ndime. Musalembe zongodandaula kuti "tikuponderezedwa". Lembani kuti chidachitika ndi chiyani, kuti, liti, chidakhudza anthu angati, mudakauza ndani ndipo adakuyankhani chiyani. Amene akupereka umboni avomere kaye, ndipo ngati akuopa, mayina awo abisidwe. Pomaliza ikani mafunso awiri kapena atatu omwe mukufuna kuti akatswiri akafunse nthumwi za boma, chifukwa funso lalifupi ndi lomwe limafika m'chipinda cha msonkhano. Chodabwitsa n'chakuti lipoti lodandaula za chilankhulo liyenera kulembedwa m'Chingerezi, m'Chifalansa kapena m'Chisipanishi, choncho pezani womasulira wodalirika.

Ngati makhoti a kuno akukanikani, munthu payekha angathe kudandaula ku komiti ya ku Geneva ija, popeza Malawi idavomera njira imeneyi mu 1996. Mu Africa muli komishoni yoona za ufulu wachibadwidwe ya ku Banjul m'dziko la Gambia, yomwe idaweruza mokomera anthu a mtundu wa Endorois a ku Kenya pa nkhani ya malo a makolo awo, komanso khoti loona za ufulu wachibadwidwe la ku Arusha m'dziko la Tanzania, komwe Amalawi amaloledwa kukasuma okha kuyambira mu 2008.

Komiti ya ku Geneva ilibe apolisi, imangopereka malangizo ku boma. Malangizowo akatuluka, amasulireni m'chilankhulo cha anthu anu, muwapereke kwa phungu wa dera lanu ndi kwa atolankhani, ndipo mulembere Unduna wa Zachilungamo kufunsa kuti adzakwaniritsidwa liti.