Kupanga roll cage yoti ikupulumutseni galimoto ikagubuduzika mtchire

Tiyambe kaye ndi chitsulo chonyezimira chija chimamangidwa kuseri kwa kabini ya pikiapu, chomwe anthu amakolekapo magetsi. Chimenechija si roll cage ayi, ndi chokongoletsera basi. Nthawi zambiri paipi yake imakhala yopyapyala komanso amangochimanga ndi timabauti pa malata a bodi, nde galimoto ikagubuduzika chimapindika kapena kuzuka kumene, denga nkukupezani pamutu. Ngati cholinga chanu ndi kukwera miyala, kudutsa mmakwalala ndi mmalo opendekeka, pakufunika roll cage yeniyeni, keji ya mapaipi achitsulo yozungulira anthu okwera kuti denga lisawaphwanye, ndipo mphamvu yake siili pa kukula kwa paipi kokha koma pa mmene mapaipi akumanirana, pomwe aponda, ndi mmene inuyo mwamangidwira mkatimo.

Chomwe chimagwetsa galimoto zimenezi sichovuta kumvetsa. Kulemera kukakhala mmwamba pomwe matayala ali moyandikana, galimoto imapendekeka msanga. A NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu ku America, amawerengera chonchi, amatenga mpata wa pakati pa tayala lakumanzere ndi lakumanja nkugawa ndi kutalika kwa pomwe pali pakatikati pa kulemera kwa galimoto atakuchulukitsa ka 2, yankho likachepa ndiye kuti galimotoyo siichedwa kugwa. Nde inu mukaikweza ndi masipuling'i ataliatali nkusanjikanso tenti, zigubu za mafuta ndi tayala la sipeya padenga, nambala ija mwaitsitsa nokha. Katundu wolemera akhale pansi, pakati pa matayala. Izi nzaulere, chitani musanagule paipi ndi imodzi yomwe.

Tsopano chitsulo. Musayerekeze kugwiritsa paipi ya madzi, ngakhale ioneke yonenepa bwanji, inapangidwa kuti isunge madzi mkati osati kuti galimoto ya matani 2 iigwere. Komanso ija yopaka galata ikamawotcheredwa imatulutsa utsi wodwalitsa. Yomwe ambiri amakonda ndi DOM, paipi yachitsulo yokokedwa bwino yomwe khoma lake limakhala lofanana paliponse. Pa galimoto za mtchire saizi yofala ndi mainchesi 1.75 ndi khoma la 0.120, kapena titi mamilimita pafupifupi 44 ndi khoma la 3, ndipo galimoto ikakhala yolemera kwambiri anthu amapita pa mainchesi 2. Malamulo a FIA, bungwe loyendetsa mipikisano ya galimoto padziko lonse, amafuna paipi yopanda msoko ya mamilimita 45 ndi khoma la 2.5 kapena 50 ndi khoma la 2.0 pa zigawo zikuluzikulu, koma kumbukirani kuti galimoto zambiri za mpikisano nzopepuka kuposa pikiapu yodzadza katundu. Palinso paipi ya chitsulo chosakaniza chotchedwa chromoly 4130, yolimba kwambiri moti mutha kuchepetsa kulemera, koma imafuna wowotcherera wa TIG (njira yapadera yowotcherera ndi magetsi ndi gasi) amene akuidziwadi, akaitentha molakwika imakhala yosachedwa kusweka pafupi ndi msoko wowotchererawo nkudzathyoka pompo. Kwa ine, ngati simukupita ku mpikisano, DOM ikukwanirani.

Kamangidwe kake ndi pomwe pagona nkhani. Chigawo choyamba ndi main hoop, uta waukulu woima kuseri kwa mipando, kuchoka pansi mbali ino kukwera mpaka kudenga nkutsikira mbali inayo. Ukhale paipi imodzi yosalumikiza, yopindika malo ochepa, ndipo pamwamba pake papitirire mutu wanu mutavala helemeti ndi mamilimita osachepera 50. Khalani pa mpando, valani helemeti, mnzanu ayeze, osangoganizira. Uta wokhawokha ulibe mphamvu ya mmbali, galimoto ikagwera phewa umangopendama ngati katoni yopanda chivindikiro, nchifukwa chake mumaika paipi yopingasa kuchoka pa kona ya mmwamba, makamaka mbali ya dalaivala, kukafika pa phazi la mbali inayo. Mukaika ziwiri kupanga X ndiye bwino kwambiri. Kenako mapaipi awiri ochoka pamwamba pa uta kupita kumbuyo, awa akhale owongoka opanda kupinda kulikonse, ndipo apendeke madigiri osachepera 30 kuchoka pa kuima chilili, akaimirira kwambiri sagwira kanthu. Kutsogolo mapaipi amatsata mafelemu a galasi lakutsogolo kutsika mpaka pansi, nkulumikizidwa ndi ina pamwamba pa galasi, padenga nkupingasanso, mmakomo nkuikamo zotchinga mmbali.

Lamulo lake ndi limodzi, paliponse pomwe mwaona makona 4 pasandutseni makona 3. Ndipo mapaipi azikumana pamalo amodzi. Cholakwika chomwe chimaoneka kwambiri pa makeji opangira pakhomo ndi paipi yothera pakati pa inzake popanda china choichirikiza kuseri, galimoto ikamenya paipi ija imangokankha inzake nkuipinda, mwina kulowera kumene kwa munthu. Pa makona omwe alandire mphamvu yambiri, monga pomwe paipi ya galasi ikupindikira, onjezani timapuleti tolimbitsa.

Kupinda kuchitike kozizira, pa makina opindira paipi okhala ndi dayi (chikombole chomwe paipi imapindikirapo) ya saizi yake. Zija zothira mchenga mkati nkuitentha ndi moto mpaka ifiire, ayi ndithu, chitsulo chimafooka. Makina opindira ekizozi nawonso amafinya paipi pa kona. Mukapinda yang'anani, pasakhale makwinya kapena kuphwatalala, ndipo kona isakhale yakuthwa, FIA imati mtunda wochoka pakatikati pa bwalo la kupindako kufika pa paipi usachepere ka 3 kukula kwa paipiyo. Mapeto a paipi asemedwe kuti akumbatire inzake bwinobwino popanda mpata, chifukwa mpata wodzadza ndi waya wowotcherera si mphamvu. Msoko uzungulire paipi yonse, ngakhale pamwamba paja payandikana ndi denga pomwe dzanja silifika. Amisiri amaboola pansi pa bodi, nkutsitsira keji mmabowomo kuti apeze mpata wowotcherera pamwamba, akamaliza amaikweza nkutseka ndi mapuleti. Ndipo msoko musaupale ndi giraindala kuti uoneke bwino, mukuchotsa nyama yake komanso mukubisa zolakwika. Ngati wowotcherera wanu simunaonepo ntchito yake, mpatseni zidutswa ziwiri alumikize, muike pa vaisi nkumenya ndi hamala yaikulu, paipi ipindike koma msoko usang'ambike.

Mapazi nawo anthu amawapeputsa. Keji yabwino yoponda pa lata lopyapyala imangoboola pansi nkutsika nanu. Phazi lililonse liponde pa puleti, FIA imanena mamilimita osachepera 3 kunenepa, kukula kwa masikweya sentimita 120, ndi mabauti osachepera 3 a M8 a giredi 8.8. Ngati mukumanga ndi mabauti ikani puleti ina kunsi kuti bodi ikhale pakati, ya kunsiyo isafanane saizi ndi ya pamwamba kuopa kuti ziwirizo zingadule lata ngati zamenya, ndipo makona ake akhale obulungira. Pikiapu zambiri bodi imakhala pa chasisi kudzera pa malabala, choncho keji yodalirika imafika mpaka pa chasisi. Mukatero mipando ndi malamba nazonso zimangidwe ku keji, kuti bodi ikasuntha inu musapite kwina keji kwina.

Apa nde mvetserani. Keji popanda malamba abwino ikhoza kukuphani yokha, chifukwa mwadzizunguliza ndi zitsulo pafupi ndi mutu. Malamba akhale a nsonga 5 kapena 6, lapakati pa miyendo lija ndi lomwe limaletsa thupi kutsetsereka pansi pa lamba wa mchiuno. A mmapewa amangidwe pa paipi yodutsa kuseri kwa mpando, molingana ndi mapewa kapena kutsikirako pang'ono, osapitirira madigiri 20. Mukawamanga pansi penipeni kuseri kwa mpando, pa ngozi amakanikiza msana. Komanso malamba oterewa musavale mu galimoto yopanda keji, amakugwirani chilili pomwe denga likubwera. Paipi iliyonse yomwe mutu ungaigunde ikutidwe ndi padding, chokutira choteteza mutu, yolimba ya muyezo wa SFI 45.1 kapena FIA 8857-2001. Siponji yofewa yokutira mapaipi a madzi otentha ija ndi bodza, mutu umangoiboola nkukafika pa chitsulo. Ya zoona imamveka yolimba mukaifinya ndi chala, musadabwe, inapangidwa kuti iphwanyike mutu ukamenya mwamphamvu. Ngati galimoto yomweyo mumayendera mmisewu tsiku ndi tsiku popanda helemeti, komanso ili ndi ma airbag a mmbali mwa denga, ganizani kawiri, keji ya mkati imatha kuwatsekereza. Ena amasankha keji ya kunja kwa bodi, yomwe imatetezanso malata, kungoti imakweza kulemera mmwamba komanso imakola mmitengo.

Zonse za mkabini zimangidwe, jeke, masipanala, bokosi la zida, botolo la gasi. Batire likhale ndi chomangira chachitsulo ndipo mitu yake ikhale yophimba. Chozimitsira moto chikhale poti muchifikire muli chimangidwire.

Poyendetsa, phiri muzilikwera molunjika ndi kulitsika molunjika. Galimoto ikakanika pakati pa chitunda musayese kutembenuka, pamenepo ndi pomwe ambiri amagwera, ikani giya ya rivesi nkutsika chambuyo mowongoka injini ikugwira, osaponda kilatchi. Pamalo opendekeka yendani pang'onopang'ono, chifukwa kawirikawiri chomwe chimagwetsa si kupendekako kokha koma tayala lakumunsi likagwa mkadzenje kapena lakumtunda likakwera mwala. Mukamva matayala akumtunda akupepuka, khotetsani chiwongolero kulozera kumunsi nkupatsako moto pang'ono. Thupi limafuna kukhotera kumtunda ndi kuponda buleki, koma zimenezo ndi zomwe zimamalizitsa kugwako. Ngati mwaphwetsa matayala kuti agwire bwino, dziwani kuti popendekeka lakumunsi likhoza kuvuka pa limu. Galimoto ikayamba kugubuduzika, manja onse mkati. Dalaivala agwire chiwongolero, wokwera agwire malamba ake pachifuwa kapena chogwirira cha mkati, ndipo muwauze musananyamuke, chifukwa munthu akachita mantha amagwira paipi ya padenga kapena kutulutsa mkono kuti atchinge nthaka, zala zambiri zathera pamenepo. Maneti a mmawindo amathandiza pa zomwezi.

Ikaima chagada kapena chammbali, thimitsani injini pompo, makamaka ya dizilo yomwe imatha kuyamba kuyaka ndi oyilo wake nkukana kuzima. Musathamangire kumasula lamba, tsamiritsani kaye dzanja ndi mapazi apo ayi mugwera pa khosi, ndipo ngati yagona chammbali wa mmwamba asagwere wa pansi. Tulukirani mbali yomwe galimoto singakugwereni. Wina akamadandaula khosi kapena msana ndipo palibe moto, musamukoke. Mukaidzutsa musalize nthawi yomweyo, oyilo amakhala walowa mmasilinda ndipo mukatokosa sitata mutha kupinda ma con rod, zitsulo zogwira mapisitoni. Isiyeni ikhale kaye, chotsani mapulagi, kapena ma glow plug ngati ndi ya dizilo, zunguzani injini kuti ilavule oyiloyo, onani oyilo, madzi ndi mabuleki kenako nkuliza. Mukafika kunyumba vulani padding yonse muone misoko ndi mapazi bwinobwino. Paipi yopindika osaiwongola, iduleni muike yatsopano, ndipo malamba ndi helemeti zomwe zalandira mphamvu ya ngoziyo zisinthidwe ngakhale zikuoneka zabwinobwino.