Mmene mungasiyanitsire mayina a zingwe za pa ngalawa ya thanga

Munthu amene wayamba kuphunzira kuyendetsa ngalawa ya thanga amasokonezeka ndi mayina a Chingerezi a zingwe zake, chifukwa poziyang'ana zonse zimafanana. Kuti musavutike, funsani ntchito imene chingwe chikugwira, pakuti amalinyero amatcha chingwe potengera ntchito yake. Chikadali chokulungidwa amati rope, koma chikapatsidwa ntchito pa ngalawa kawirikawiri amati line.

Choyamba onani ngati chingwecho chimakokedwa paulendo kapena chimangokhala chomangika. Zosasunthazo, zimene masiku ano zambiri zimakhala za waya wosachita dzimbiri, zimatchedwa standing rigging, ndipo zimagwira mlongoti kuti usagwe. Pamenepa tsatirani kumene chingwecho chalowera: chikatsikira m'mbali mwa ngalawa, kumanja kapena kumanzere, ndi shroud, chikapita kutsogolo ndi forestay, chikapita kumbuyo ndi backstay.

Zokokedwazo zimatchedwa running rigging, ndipo m'pamene pafunika kusamala kwambiri. Halyard ndi chingwe chokwezera thanga, chimene chimakwera ndi mlongoti, n'kudutsa pa kagudumu ka pansonga, kenako n'kutsika mpaka pamene dzanja lingafike. Sheet, ngakhale dzinalo likumveka ngati la nsalu, si thanga ayi, koma ndi chingwe chomangidwa ku ngodya yam'munsi yakumbuyo ya thanga kapena ku mtengo wopingasa wotchedwa boom, ndipo ndi chimene mumakoka kapena kulekerera kuti thanga ligwire mphepo moyenera. Ine ndimaona kuti mawu awiriwa ndi ofunika kuwadziwa musanakwere n'komwe m'ngalawa, chifukwa mphepo ikawomba mwadzidzidzi ngalawa n'kupendekeka, woyendetsa amafuula kuti mulekerere sheet, ndipo mukamasula halyard m'malo mwake, thanga limakhwefukira pansi likadali ndi mphepo m'kati.

Downhaul imakokera thanga pansi, outhaul imalitambasulira kumapeto kwa boom. Mawu akuti brace mudzawamva makamaka pa zombo zakale monga Cutty Sark, imene inamangidwa ku Dumbarton, m'dziko la Scotland, mu 1869 ndipo tsopano ili ku Greenwich mu London. Pa zombo zotere brace imatembenuza mtengo wopingasa umene thanga lapachikidwapo.

Ngalawa ikadali padoko, gwirani chingwe chimodzichimodzi, muchitsatire ndi maso mpaka kumene chathera, muchikoke pang'ono kuti muone chimene chasuntha, kenako mutchule dzina lake mokweza.